Karate sinabadwire m'holo

Dandaulo la aphunzitsi ambiri a karate m'matauni mwathu ndi limodzi: holo. Ya tchalitchi Loweruka muli ukwati, ya sukulu akufuna ndalama, basi kalabu n'kufa. Koma chimene akulirachi eni ake a karate analibe.

Ku Okinawa, kum'mwera kwa Japan, kumene karate inachokera, anthu ankaphunzira pabwalo la kunyumba kwa mphunzitsi, nthawi zambiri usiku. Gichin Funakoshi, amene anakaifalitsa ku Tokyo kuyambira mu 1922, anaphunzira chomwecho kwa Anko Asato, nyali ili poteropo. Nyumba yake yotchuka yophunzitsiramo, ya Shotokan, inamangidwa patadutsa zaka zoposa khumi. Ku Brazil nako capoeira, luso lawo lomenyana, inali ya mumsewu, mpaka boma linailetsa mu 1890, ndipo Mestre Bimba anaitsegulira sukulu ku Salvador mu 1932. Lero lomwe ku Dakar, anyamata a masewero ogwetsana a laamb amakhwimitsa matupi pamchenga wa kunyanja.

Nthaka ya panja ili ndi zitunda ndi timaenje, ndiye phazi limaphunzira lokha kusaka poponda. Wachifwamba sakudikira pasimenti yokolopa ayi.

Komabe chimene chimandikoka kwambiri ndi maso a anthu. Ana akamaponya zibakera ndi mateche poyera, mayi wochokera kuchigayo amaima n'kuona zimene mwana wake akuphunzira. Mphunzitsi wankhanza, kapena uja wa maso akumwamba pa atsikana, amasowa pobisala. Ndipo aja amanong'onezana kuti wa lamba wakuda anakhwimira mankhwala amaona okha kuti ndi thukuta lokhalokha, kubwereza chinthu chimodzi mpaka miyendo kunjenjemera. Timwana tozolowera Jackie Chan wa m'mavidiyo timayamba ndi kugeza chapatali, mawa lake tili pamzere.

Maso omwewo ali ndi vuto lake. Pakakhala anyamata oseka m'mbali mwa bwalo, mtsikana wa zaka 14 amachita manyazi kukweza mwendo, sabata yotsatira osabweranso. Mphunzitsi wanzeru amayamba m'mawa osekawo asanadzuke, ndiponso amapempha kholo limodzi kapena awiri kuti azikhala pomwepo.

Zogwetsana ndiye musayerekeze. Judo inayamba mu 1882 m'kachisi wa Eishoji ku Tokyo, ndipo Jigoro Kano ankaphunzitsira pamphasa zochindikala za tatami. Kugwetsa mwana panthaka youma gwa ya mu Okutobala n'kufuna kuthyola phewa. Zimenezo zidikire matilesi, kapena mchenga wa kudambo.

Zina zonse n'zotheka pabwalo la mpira la pasukulu: kufika msanga kudzatola minga ndi zibenthu za mabotolo, chigubu cha madzi pamthunzi, kupewa dzuwa la masana. Dzinja likafika, pemphani khonde kwa ahedi, ana azisinthana asanuasanu.