Mwana akati akufuna kuphunzira Psychology, musafulumire kumutsekera njira

Amayi anzanga, zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'nyumba zambiri za kuno kwa Lundu mumakhala milandu. Mtsikana wakhoza, koma Physics ndi Chemistry sadalembe, kapena adalemba nkugwa nazo. Mukamufunsa zomwe akufuna kukaphunzira, akuti Psychology. Bambo ake akuti ndi ntchito yolimbana ndi amisala. Amalume ake akuti sadaphunzire zimenezo kusekondale ndiye sangamutenge. Inu mayi mwangoti kukamwa yasa, chifukwa mawuwo mukuwamva koyamba.

Ine ndikuti mlekeni alembe kalata yofunsira malo. Zifukwa zanga ndi izi.

Mawu a amalume aja alibe mutu. Pa mndandanda wa maphunziro amene bungwe la MANEB limayesa mu Fomu 4 palibe phunziro lotchedwa Psychology. Mwana wa sukulu yogonera komweko ku Blantyre ndi mwana wa CDSS ya kumudzi kwathu, onse amafika ku yunivesite asadaligwireko. Amakaliyambira limodzi m'chaka choyamba. Chimene masukulu aukachenjede a boma amayang'ana, kudzera ku bungwe la NCHE, ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndiponso kuchepa kwa mapointi ake poyerekeza ndi anzake. Kirediti ndi giredi 1 mpaka 6. Giredi 7 ndi 8 ndi kukhoza ndithu, koma kumeneko siziwerengedwa.

Chodabwitsa nchakuti khomo la unamwino, limene makolo ambiri mumaganiza kuti ndi lapafupi, ndilo lothina kwa mwana wotere. Kukoleji ya mpingo komwe ndimaphunzitsa anamwino ndi azamba sitingatenge mwana wopanda maphunziro a sayansi, ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Psychology imaphunzitsidwa m'gulu la maphunziro a chikhalidwe cha anthu, monga zilili ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komwe ambiri timakudziwabe kuti Chancellor College. Mwana amene adachita bwino Chingerezi, Geography, History, Social Studies ndi Bible Knowledge asadziyese wotayika.

Koma Masamu musawaseweretse. Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene atsikana athu amagwera. Ambiri amaganiza kuti Psychology ndi kucheza ndi anthu ndi kuwalangiza, monga amachitira anankungwi kapena ankhoswe. Sizili choncho ayi. Wophunzirayo amachita kafukufuku, amasonkhanitsa manambala nkuwawerengera kuti aone ngati thandizo limene adapereka kwa anthu makumi asanu lidasinthadi kanthu kapena zidangochitika mwamwayi. Amaphunziranso za ubongo ndi misempha, ndiye Biology imamupeputsira ntchito. Tsono ngati mwana wanu ali mu Fomu 2 kapena Fomu 3 ndipo wayamba kunena kuti Masamu ndi a anyamata, mukhalitseni pansi lero. Ngati walemba kale nkupeza 8 kapena 9, akhoza kulembanso kudzera ku sukulu ya masana imene timaitcha open. Chaka chimodzi chobwereza sichochititsa manyazi. Zofunika pa pulogalamu iliyonse zimalembedwa m'chilengezo cha chaka chimenecho, choncho mupite nacho kwa aphunzitsi aakulu akuwerengereni mzere ndi mzere, osangomvera za m'maluwa.

Mwina mukufunsa kuti maphunziro amenewa ali ndi phindu lanji kuno ku Chigwa cha Shire. Inu nomwe mukudziwa yankho kuposa ine. Madzi adatisesa mu Januwale 2015, adabweranso ndi Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Ufa, mabulangete ndi matenti zidafika m'misasa. Koma mayi amene madzi adamulanda mwana kumsana, ndani adakhala naye pansi patatha miyezi itatu, pamene magalimoto a mabungwe adali atabwerera? Alipo amene mpaka lero sagona mvula ikayamba kugunda pa malata. Timati ndi mantha chabe, kapena timati mizimu, mwinanso kuloza chala gogo wina wosalakwa.

M'chipinda cha amayi ochira ndimaonanso zina. Mayi wabereka bwinobwino, mwana ali ndi thanzi, koma pakapita masabata awiri kapena atatu mayiyo sakudya, akungolira, sakufuna kuyamwitsa. Apongozi akuti ndi ulesi. Amenewa ndi matenda, ndipo amachizika. Ife azamba timawazindikira, koma pamzere pakakhala amayi ena makumi anayi odikira sikelo, nthawi yomumvetsera bwino imasowa. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba, ndipo kuchoka ku East Bank nthawi ya dzinja si ulendo wamasewera. Komanso chisoni munthu amachifotokoza m'chilankhulo chimene adayamwira. Mphungu wolankhula Chisena ndi Chimang'anja, wodziwa za chokolo, za kulowa kufa ndi za m'mene maliro amayendera kwathu kuno, sadzachokera kwina. Adzachokera m'mabanja anu omwewa.

Ndisakunamizeni, njirayi ndi yaitali ndipo ntchito zake sizili mbwee. Digiri yoyamba ya zaka zinayi simusandutsa mwana kukhala dokotala wolemba mankhwala. Kuti afike pamene ali a Chiwoza Bandawe, katswiri wodziwika amene amaphunzitsa madokotala ku Blantyre, pamafunika maphunziro ena apamwamba, ndipo iwo adakawachitira ku South Africa. Ambiri omaliza digiri yoyamba amalowa m'mabungwe oteteza ana, m'mapulojekiti a zaumoyo, m'makafukufuku kapena m'maofesi oona za antchito. Amene akufuna malipiro msangamsanga kuti athandize abale ake aganize kawiri. Zimenezi mumuuze poyera.

Ngati mapointi achuluka ndipo boma silidamusankhe, makomo ena alipo. Ku Mzuzu, koleji ya Saint John of God imaphunzitsa dipuloma ya uphungu wa maganizo, ndiponso imatenga anamwino ndi madokotala aang'ono amene akufuna kuzama pa matenda a maganizo. Ku Nguludi, Catholic University imaphunzitsa Social Work, ntchito imene imayenda pafupi kwambiri ndi imeneyi. Fizi ndi nkhani ina yolemera, koma kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite, ndipo fomu yake imafuna kulembedwa nthawi yake isadathe.

Pempho langa kwa inu a m'bungwe la amayi ndi laling'ono. Mumasonkherana za maliro, za chikwati ndi za nsalu ya chikondwerero. Pa msonkhano wa mwezi uno funsani kuti m'miphakati yanu muli atsikana angati amene ali ndi makirediti asanu ndi limodzi koma angokhala pakhomo. Ena mwa iwo chawalepheretsa ndi ndalama yolembetsera ndi ya intaneti basi, poti mafomu a NCHE masiku ano amalembedwa pa kompyuta kapena pa foni. Mbuzi imodzi ikhoza kulipirira atsikana angapo, ndipo kuparishi sikusowa wachinyamata wodziwa kudzaza fomuyo.