Kuyenda awiri si mantha: pitani kumudzi podzera m'chipululu

Achinyamata athu a ku Blanchardstown, Mulhuddart ndi Ongar, ambiri mwa inu Malawi mumamudziwira pa maliro ndi pa ukwati. Mumatera pa bwalo la ndege la Kamuzu, amalume n'kukunyamulani, masabata atatu n'kutha mukupereka moni kwa achibale, kenako mwabwerera ku Dublin. Maulendo amenewo ndi ofunika, koma amakonza ndi akuluakulu. Ife tikuti nthawi yakwana yoti mukhale ndi ulendo wanuwanu: lowani m'gulu la oyenda ndi makalavani okokedwa ndi galimoto, mudutse chipululu cha Namib, mukalowe m'Malawi pamsewu.

Maulendo otere si achilendo mu Africa. Mu July 1959, Wally Byam, amene adayambitsa kampani ya Airstream ku America, adatsogolera makalavani 41 kuchoka ku Cape Town, ndipo adakafika ku Cairo mu February 1960. Miyezi yonseyo Dr Kamuzu Banda adali m'ndende ku Gwelo, ndipo agogo anu amene ankayenda misewu ya kum'mwera ankapita ku migodi ya ku Joni ndi m'mafamu a ku Rhodesia. Kuyenda kongofuna kuona dziko kudali kwa azungu. Lero inu muli ndi pasipoti ya Ireland, ndipo chivomerezereni Nyumba ya Malamulo unzika wa mayiko awiri mu 2018, ya Malawi mutha kukhala nayonso. Mwayi umenewo usathere ku Tenerife kokha.

Njira yake ilipo. Kuchoka ku Windhoek mumatsikira ku Sesriem kukaona mapiri a mchenga wofiira a Sossusvlei. Kenako mumakwera kumpoto mpaka ku Katima Mulilo, kuwoloka Zambezi kulowa ku Sesheke m'dziko la Zambia, kudutsa Livingstone ndi Lusaka, n'kutenga Great East Road mpaka ku Chipata ndi chipata cha Mwami, pafupi ndi Mchinji. Mayiko atatu onsewa amayendetsa galimoto kumanzere, ngati kuno. Mukangofika pa Lusaka, Chichewa chimene mumachita nacho manyazi pa basi ya 39a chiyamba kukugulirani nthochi ndi kukufunsirani njira. Mukawerengera bwino masiku, kumapeto kwa August mudzapeza mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi.

Nanga bwanji tikuumirira za gulu? Ena mwa ife ntchito yathu ndi ya makompyuta, ndipo lamulo lathu loyamba ndi lakuti chinthu chofunika chisadalire makina amodzi. M'chipululu lamuloli limakhudza moyo. Netiweki imatha, Google Maps imangoti duu, misewu yambiri ndi yamiyala, ndipo malo omwetsera mafuta ndi otalikirana. Kalavani ikathyoka chitsulo cha matayala muli nokha, madzi amene mwanyamula ndiwo amanena kuti mudikira masiku angati. Pagulu pamakhala wotsogolera wodziwa njira, wodziwa kukonza galimoto, ndi galimoto yotsekera kumbuyo yosasiya munthu.

Kukonzekera kumayambira konkuno. Laisensi wamba ya B imakulolani kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750, kapena yolemererapo ngati galimoto ndi ngoloyo pamodzi sizipitirira makilogalamu 3,500. Kuposa apo mufunika BE. Galimoto yahayala siwoloka malire popanda kalata ya eni ake. Ndipo musanamizike kuti magazi a Chimalawi ndi mankhwala a malungo. Wokulira ku Dublin 15 alibe chitetezo chilichonse, choncho onanani ndi GP musananyamuke.

Makolo anzathu ena adzati ndalama zoterozo bwenzi zitagula malata a nyumba ya agogo kapena kulipirira msuweni fizi. Mawuwo ndi olemera, sitikuwapeputsa. Koma tidzifunse: tikadzapuma ife, adzapitiriza ndani kukumbukira kumudzi? Mwana amene Malawi amamuona ngati bilu ya mwezi ndi mwezi adzaleka kutumiza tsiku limene makolo adzaleke kumukumbutsa. Amene adafika pa Mchinji ndi fumbi la Namib m'tsitsi, atadziyendetsa yekha, adzabwererako mosakakamizidwa.

Chenjezo lathu ndi limodzi. Magulu alipo kale, monga Put Foot Rally, imene imanyamuka ku Cape Town kudutsa Namibia, Zambia ndi Malawi, n'kumagawa nsapato kwa ana asukulu. Ntchitoyo ndi yabwino, koma inu simukupita ngati alendo odzajambula umphawi. Ana amene ali m'mbali mwa msewuwo ndi azisuweni anu. Pemphani musanajambule, perekani moni musanafunse kanthu, ndipo mtengo ukakhala woyenera, mayi wogulitsa tomato musamunenerere.

Yambani ndi zimene zili pafupi. Pezani anzanu asanu a ku TU Dublin kapena kutchalitchi, yambitsani chipereganyu, mmodzi alembetse mayeso a BE, ndipo mufunse amayi dzina la mudzi ndi la mfumu yake. Pachipata adzakufunsani kumene mukupita, ndipo yankho likhale lochokera pakamwa panu.