Mawu oti "usagwire" akutiphera ana nzeru

Alamu anga ananeneratu tisanakwere n'komwe galimoto: "Ndiye kuti tikalipire pakhomo kuti kampani itionetse malonda ake? Ndalama imeneyo bwenzi titatumiza kumudzi." Sindinawatsutse, chifukwa inenso mumtima ndinkaganiza chomwecho. Koma ana awiri a achemwali anga, mtsikana wa zaka 8 ndi mnyamata wa zaka 5, anali atavala kale nsapato, ndiye panalibenso zokambirana.

Malowo amatchedwa Turkey Hill Experience. Ali m'tauni yaing'ono ya Columbia ku Pennsylvania, m'dziko la America, kufupi ndi mtsinje wa Susquehanna. Anawatsegula mu 2011 m'chinyumba chakale cha njerwa chimene poyamba chinali fakitale ya nsalu za silika. Eni ake ndi kampani ya mkaka ya Turkey Hill, yotchuka ndi ayisikilimu komanso tiyi wozizira wa m'mabotolo. Mbiri yake amaifotokoza momwemo: mu 1931, chuma cha America chitagwa, mlimi wina dzina lake Armor Frey anayamba kugulitsa mkaka kwa anansi ake akuyenda pa galimoto yake. Ana ake atatu anagula bizinesiyo mu 1947, ndipo ayisikilimu anayamba kupanga mu 1954.

M'kati mwake muli zinthu zoti mwana azigwire. Amakwera galimoto yakale yogawira mkaka, amakama ng'ombe yachidole, amapeka mtundu wakewake wa ayisikilimu pa kompyuta, n'kujambula chikho chake, n'kuima kutsogolo kwa kamera kuti autsatse ngati pa TV. Kulawa ayisikilimu ndi tiyi kulibe malire, bola mimba.

Chimene chandilembetsa nkhaniyi chinachitika pa ng'ombe ija. Mtsikana uja anathamanga, anagwada, n'kutambasula dzanja kuti agwire mawere. Mayi ake, osaganiza n'komwe, anakuwa: "Iwe! Usagwire!" Mwanayo anabweza dzanja ngati wakhudza mbaula, n'kuliika kumbuyo. Pambali pake ana ena anali kalikiliki kukoka mawerewo, makolo awo akuwachemerera. Achemwali anazindikira msanga, anaseka mwamanyazi, n'kunena kuti, "Gwira mwanawe, ndi zogwira zimenezo." Koma zinatenga kanthawi kuti mwanayo akhulupirire. Anayamba wayang'ana nkhope ya bambo ake, kenako yanga, kenako ndi pamene anagwira, ndi zala ziwiri zokha.

Amangwetu, tinalipira ndalama kuti mwana akagwire zinthu, ndipo mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwathu anali oti asagwire. Sindikuwanena achemwali, ayi. Akanachedwa pang'ono, ndikanakuwa ndine. Ndi mmene tinaleredwera tonse. Wailesi ya ababa, usagwire. Mbale za m'kabati, usagwire. Ku sekondale yomwe ndinaphunzira, zipangizo za sayansi zinkakhala zokiyidwa, tinkaziona pa chithunzi cha m'buku, n'kuloweza mayina ake kuti tikakhoze mayeso. Mwana akaphwasula tochi kuti aone chimene chimayatsa, amalandira khofi, n'kupatsidwanso dzina loti wowononga. Mwana wabwino kwathu ndi amene wakhala phee, manja pamiyendo. Kenako mwana yemweyo akakula timadabwa kuti bwanji digiri ali nayo koma sangayambitse kalikonse, akungodikira womulemba ntchito.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, chifukwa alamu anaziyankha kale tsiku lomwelo. Choyamba, amati malo ngati amenewa ndi malonda chabe. N'zoona, ndipo palibe akubisa. Dzina la kampani lili paliponse, ndipo potuluka umadutsa mu shopu ya timphatso. Ayisikilimu wa m'masitolo sapangidwira m'nyumbayi. Fakitale yeniyeni ili ku Conestoga, m'boma lomwelo la Lancaster. Ngakhale banja la a Frey lija silinso mwini: linagulitsa kampaniyo mu 1985, inakhala pansi pa Kroger kwa zaka zambiri, ndipo mu 2019 inagulidwa ndi Peak Rock Capital. Zonsezi munthu wamkulu ayenera kuzidziwa, ndipo ndi ntchito yake kumuuza mwana kuti apa akufuna uzikonda katundu wawo. Koma ndifunse: foni imene mumampatsa mwana kuti asakusokonezeni, muli malonda angati? Kumeneko simudandaula, chifukwa mwana wakhala chete. Chimene chimatiwawa si malonda, koma phokoso la mwana amene wayamba kufunsa.

Chachiwiri, amati ng'ombeyo ndi yabodza, ife tinakulira pa ng'ombe zenizeni. Chabwino. Nanga ng'ombe zenizenizo, ndi angati mwa inu amene mukuwerenga pa foni pano munakamapo? Ine ndinakulira m'tauni, ndipo tikapita kumudzi pa holide agogo ankatiletsa kuyandikira khola. Mkaka ndinkaudziwa wa m'paketi ndi waufa wa m'chitini. Ng'ombe yoyamba imene ndinakama pa moyo wanga ndi chidole cha ku Columbia chimenechi, ndili ndi ndevu kale. Sekani, koma dzifunseni kaye. Ndipo mwana uja atakama chidolecho, tikubwerera m'misewu ya ku Lancaster kumene minda ya anthu a mpingo wa Amish ili ndi ng'ombe zamkaka mbali zonse, ndi iye amene anapempha kuti tiime aone yeniyeni. Chidolecho chinam'patsa njala yofuna kudziwa, pamene m'mawa ng'ombe zomwezo anazidutsa maso ali pa tabuleti.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene tinakangana zenizeni, ndi nkhani ya kuwononga. Muli chipinda china chotchedwa Taste Lab, cholipira mwapadera, mmene aliyense amapatsidwa chikho cha ayisikilimu woyera kuti asakanize yekha zokometsera zimene akufuna. Mnyamata wa zaka 5 anathira chokoleti n'kuyamba kudya, nkhani yatha. Mtsikana uja anathira izi ndi izo, timadontho tochuluka, mpaka chinthucho chinasanduka mtundu wa matope. Atalawa anakwinya nkhope. Alamu pompo: "Waona? Wawononga chakudya." Mwanayo sanalire. Anati, "Ndathira zambiri nthawi imodzi. Ndikanathira chimodzi, n'kulawa, kenako china." Abale anga, mfundo imeneyi, yosintha chinthu chimodzi pa nthawi kuti udziwe chimene chabweretsa kusiyana, ine ndinaimva koyamba ku yunivesite, yolembedwa pa bolodi. Iye waipeza yekha ali ndi zaka 8, pa mtengo wa chikho chimodzi choipa. Ngati kumeneko ndi kuwononga, ana athu akuwononga mochepa kwambiri.

Ali mkati monyambita supuni anandifunsa: "Amalume, bwanji madzi a m'firiji amalimba ngati mwala koma ayisikilimu salimba?" Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Chizolowezi chinandiuza kuti ndinene zija timanena akuluakulu tikagwidwa: idya msanga asungunuka, mafunso achuluka. Ndinadziletsa. Ndinavomera kuti sindikudziwa bwino, tinakhala pansi n'kufufuza limodzi. Yankho lake ndi lokoma kuposa ayisikilimuyo. Shuga amatsitsa mlingo wa kuzizira umene madzi amaundanira, choncho madzi ena a mu mkaka saundana. Makina amatakasa msanganizowo uku ukuzizira, kotero timibulu ta ayisi timakhala tating'onoting'ono. Pa kutakasa komweko mumalowa mpweya, ndipo mu ayisikilimu wina mpweyawo umafika pafupifupi theka la chikho. N'chifukwa chake lamulo la ku America limati chinthu chotchedwa ayisikilimu chikhale ndi mafuta a mkaka osachepera 10 pa 100 alionse, ndipo galoni imodzi isapepuke kuposa mapaundi 4.5, pafupifupi makilogalamu awiri, kuti asamatigulitse mphepo yokhayokha. Mwanayo atamva za mpweya anaseka mpaka kutsamwa, n'kupita kukauza bambo ake kuti alipira ndalama kugula mphepo.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti za shuga ndi mchere kutsitsa kuundana kwa madzi ndinaloweza kusukulu, ndinalemba pa mayeso, ndinakhoza. Koma sindinaganizepo tsiku ndi limodzi lomwe kuti zikukhudza chinthu chimene ndimadya. Maphunziro anga anali m'kope, moyo unali kwina. Anazilumikiza ndi mwana amene tinangotsala pang'ono kumuletsa kugwira.

Tili ndi mwambi woti safunsa anadya phula. Timaukonda, timaunena pa maukwati ndi pa misonkhano. Koma kunyumba mwana akafunsa kachitatu timamuuza kuti ali ndi mwano. Mwambiwo tinausungira akuluakulu okhaokha, amene anasiya kale kufunsa.

Sindikunena kuti aliyense asake ndalama ya ndege kuti akakame chidole ku Pennsylvania. Chimene kampani ija inachita si chodabwitsa: inatenga ntchito yake ya tsiku ndi tsiku n'kuiika pa msinkhu wa mwana, n'kumulola kulakwitsa. Zimenezo zimatheka pa chigayo, kwa telala, kwa wokonza njinga, ngakhale kukhitchini pamene mukukanda ufa wa mandasi mwana n'kufunsa chifukwa chimene ukufufumira. Pali zinthu zoopsa, inde: moto, magetsi, lamba wa chigayo. Pamenepo "usagwire" ali ndi malo ake, ndipo mufotokoze chifukwa chake. Koma tinene chilungamo, nthawi zambiri timaletsa chifukwa tatopa, kapena tikuopa kuti mwana atifunsa chimene sitikudziwa.

Alamu sanasinthe maganizo, mpaka lero amati tikiti inali yodula. Mwina akunena zoona. Koma sabata yotsatira achemwali ananditumizira chithunzi pa WhatsApp: makapu atatu m'firiji, mwana atalembapo yekha. M'modzi munali mkaka wokha, wina mkaka wa shuga supuni imodzi, wachitatu supuni zinayi. Ankafuna aone kuti ndi iti ilimbe kwambiri. Pansi pa chithunzicho achemwali analemba kuti, "Shuga watha m'nyumba muno chifukwa cha iwe." Ndinawafunsa ngati anamukalipira. Anati ayi, koma bambo ake atatsegula firiji kuti asunthe makapuwo, mwanayo ndi amene anakuwa kuti asagwire.