Mfuti pachithunzi: cholakwika choseketsa chomwe chimatha ndi maliro

Mu April 2024, gulu la asilikali a pamadzi a dziko la America lidaika chithunzi pa Instagram pofuna kuonetsa kuti anyamata ake ngokonzeka nthawi zonse. Pachithunzipo padali Cameron Yaste, mkulu wa sitima yankhondo ya USS John S. McCain, akuwombera mfuti.

Sipadatenge nthawi, anthu odziwa mfuti adayamba kufa nazo nseko. Galasi loonera patali lomwe limakhala pamwamba pa mfutiyo lidamangidwa chotembenuza, kutsogolo kuli kumbuyo. Galasi lotere likatembenuka, chinthu chimene munthu akufuna kuwombera chimaoneka chaching'ono ndi chakutali m'malo moyandikira.

Akuluakulu a gululi adavomera kulakwako ndipo adachotsa chithunzicho. Mu August chaka chomwecho Yaste adachotsedwa paudindo. Iwo adangoti ataya naye chikhulupiriro, osatchula za chithunzi chija.

Aka sikadali koyamba. Mu 2004, kampani yopanga mfuti ya ku Germany, Heckler & Koch, idatulutsa kabuku kotsatsira malonda komwe kadaonetsa zipolopolo zitalongedwa chafutambuyo m'kabokosi kake. Mpaka lero okonda mfuti amaikumbutsabe kampaniyo za manyazi amenewa.

Kodi akadaulo amayang'ana chiyani akaona chithunzi chotere? Choyamba ndi chala: sichiyenera kugona pa kachitsulo kowombera kufikira munthu atatsimikiza kuti akuwombera. Chachiwiri ndi komwe kwaloza mpope wa mfuti: usaloze munthu, ngakhale wojambulayo. Malamulowa ndi ena mwa anayi amene adatchuka ndi mphunzitsi wa mfuti wa ku America, Jeff Cooper. Ena awiri ndi akuti mfuti iliyonse uiyese kuti ili ndi chipolopolo, komanso udziwe chomwe ukuwombera ndi chomwe chili kuseri kwake.

Nkhani yaikulu apa si kuseka. Chithunzi chotsatsira malonda kapena ntchito chimadutsa m'manja ambiri chisadatuluke: wokonza mfuti, woigwira, wojambula, wosankha zithunzi ndi bwana wovomereza. Cholakwika chikafika pagulu, ndiye kuti onsewa adachiphonya, aliyense poganiza kuti mnzake waona kale. Paja safunsa adadya phula.

Kudalirana kotereku n'komwe kudadzetsa maliro pa 21 October 2021 ku New Mexico, m'dziko lomwelo la America, pojambula filimu ya Rust. Katswiri wa zisudzo Alec Baldwin adapatsidwa mfuti n'kuuzidwa kuti ilibe choopsa. Mfutiyo idalira, ndipo chipolopolo chenicheni chidapha wojambula Halyna Hutchins, wa zaka 42, n'kuvulaza wotsogolera filimuyo, Joel Souza.

Hannah Gutierrez-Reed, yemwe ntchito yake idali kusamala mfuti zonse pamalopo, adagamulidwa mu April 2024 kukakhala kundende miyezi 18. Mlandu wa Baldwin udathetsedwa mu July chaka chomwecho khoti litapeza kuti oimira boma adabisa umboni wina.

Kusiyana kwa nkhani ya pasitima ndi ya ku New Mexico n'kwakuti kwina kudatha ndi manyazi, kwina ndi bokosi la maliro. Koma gwero lake ndi limodzi: mfuti idasanduka chokongoletsera chithunzi, anthu n'kuiwala kuti ndi chida chophera.

Makolo nawo nkhaniyi ikuwakhudza. Zithunzi ndi mafilimu otere ndi omwe ana amaonera pa foni ndi m'nyumba zoonetsera kanema, ndipo mwana amatengera zomwe waona. Akaona katswiri ataika chala pa kachitsulo kowombera uku akumwetulira, amayesa ndiwo kagwiridwe kake. Phunziro loyenera kumupatsa ndi lalifupi: akapeza mfuti kapena chipolopolo, asakhudze, achokepo, akauze wamkulu kuti adziwitse apolisi.