Mawaya oongolera mano: kodi mwana aliyense wa mano okwerana akufunika kumuika?

Kale mawaya oongolera mano, omwe ambiri amangowatcha kuti mabulesi, ankaoneka m'kamwa mwa ana a mabwana a ku Namiwawa ndi ku Area 10 basi. Masiku ano nkhani yake yafika mpaka pa Mponela, pa Jenda ndi pa Luchenza. Ana akuwaona pa Facebook ndi pa TikTok, ndipo amene mano ake adamera mokwerana kapena motulukira kunja, yemwe anzake kusukulu amamuseka kuti ndi kalulu, wayamba kufunsa makolo ake kuti iye adzamuika liti.

Funsoli likusowetsa mtendere makolo ambiri pakuti thandizoli ndi lodula, limatenga zaka ndipo limapezeka kutali. Ena akuganiza zogulitsa mbuzi kapena kutenga ngongole ku banki mkhonde. Komatu banja lisanafike pokambirana za mtengo, pali mafunso awiri ofunika kuyankha: kodi mwanayo akufunikadi kuongoledwa mano panopa? Nanga banjalo likayamba, lidzamaliza?

Vuto loyamba ndi kuchepa kwa anthu odziwa ntchitoyi. Pomwe sukulu ya zachipatala ya College of Medicine, yomwe kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, idayamba kuphunzitsa madokotala a mano mu 2019 mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, dziko lino lidali ndi madokotala a mano osafika 50 oti asamalire anthu oposa 17 miliyoni. Onsewo adali ophunzira kunja. Mu 2022 boma lidakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya umoyo wa m'kamwa. Awa ndi mayendedwe abwino, koma kuti dokotala wa mano akhale katswiri woongola mano amayenera kuwonjezera zaka zina zitatu kapena kuposerapo pa maphunziro ake, choncho akatswiri otere sadzachuluka msanga.

M'zipatala za m'maboma muli ma dental therapist ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, ndipo ntchito imene imawachulukira ndi yozula mano owola ndi kuthetsa ululu. Mawaya amapezeka makamaka m'zipatala zolipira za m'mizinda ikuluikulu. Zipangizo zake zonse, kuyambira waya, tizitsulo tomata pa dzino mpaka guluu wake, zimachokera kunja. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe chinthu choitanitsa kunja chimene chidakhala pa mtengo wake wakale.

Mano ena amadzikonza okha

Mwana amakhala ndi mano oyamba 20, pomwe munthu wamkulu amakhala ndi 32. Kusinthana kwa mano kumayamba mwana ali ndi zaka pafupifupi 6 ndipo kumatha ali ndi zaka 12 kapena 13. M'nyengo imeneyi m'kamwa mwa mwana simuoneka bwino. Mano akutsogolo amamera aakulu pa nkhope yaing'ono, ena otalikirana, ena opendekeka. Makolo ambiri amayamba kuda nkhawa mwana ali ndi zaka 8 kapena 9, chonsecho mpata wa pakati pa mano akutsogolo a m'mwamba nthawi zambiri umatsekeka wokha mano osongoka a m'mbali akamera, pa zaka 11 kapena 12. Kholo limene lingathamangire kulipira mawaya kaamba ka mpata woterewu likulipirira ntchito imene thupi likadagwira lokha.

Izi sizikutanthauza kuti mano onse okwerana amadzikonza. Ngati nsagwada ndi yaing'ono ndipo mano ndi aakulu, zomwe nthawi zambiri ndi zakumtundu, malo sakwana ngakhale mwana akule bwanji.

Koma pali kukwerana kwina kumene kumayambira pakhomo, ndipo uku ndi kumene kungapewedwe popanda ndalama zambiri. Makolo ambiri salabadira mano oyamba akayamba kuwola, amati adzaguluka kale. Chimene sadziwa n'chakuti mano oyamba akumbuyo, otafunira aja, amayenera kukhala m'kamwa mpaka mwana atafika zaka 10 mpaka 12, ndipo ntchito yawo ina ndi kusungira malo mano amene akubwera pansi pake. Dzino lotere likazulidwa mwana ali ndi zaka 5 kapena 6 chifukwa cha maswiti, mabisiketi ndi mafirizesi a pageti pa sukulu, dzino la kumbuyo kwake limasendera kutsogolo n'kutseka mpatawo. Dzino loyenera kumera pamenepo likafika limapeza malo atatha, ndiye limatulukira m'mbali, kapena limakankha linzake kuti likamere pamwamba pa nkhama.

Palinso dzino lina limene limapusitsa makolo. Pa zaka 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano oyamba kumamera dzino lalikulu lachikhalire, popanda dzino lililonse kuguluka. Poti palibe chimene chagwa, ambiri amaliyesa loyamba ndipo amalilekerera liwole. Likazulidwa silimeranso.

Pomwe kuzula dzino loyamba sikungapeweke, dokotala angathe kuika kawaya kakang'ono kosunga mpata mpaka dzino latsopano litatuluka. Mtengo wake suyandikira n'komwe wa mawaya a m'kamwa monse. Kuyamwa chala nakonso kumakankhira mano a m'mwamba kutsogolo n'kusiya mpata pakati pa mano a m'mwamba ndi a m'munsi, koma mwana akasiya mano achikhalire akutsogolo asanamere, kawirikawiri m'kamwa mumabwerera mwakale.

Akuluakulu adati mtengo umaongoledwa ukadali waung'ono. Pa nkhani ya mano mwambiwu ndi woona theka lokha. Bungwe la akatswiri oongola mano ku America la American Association of Orthodontists limalangiza kuti mwana aonedwe akamakwana zaka 7, koma kuonedwa kumeneku ndi kofufuza mavuto ochepa amene sadikira. Ena mwa iwo ndi dzino la m'mwamba limene likuluma kumbuyo kwa la m'munsi mpaka nkhama kuyamba kutsika, dzino lakutsogolo limene silikutuluka pomwe linzake lidatuluka miyezi yoposa 6 yapitayo, ndi mano otulukira kunja kwambiri moti milomo siikumana. Mano oterewa ndi amene amathyoka mwana akagwa panjinga kapena akawombana ndi mnzake pa mpira.

Ngakhale pa mano otulukira kunjawo, kafukufuku amene bungwe la Cochrane lidasonkhanitsa mu 2018 adapeza kuti kuyamba thandizo mwana ali wamng'ono n'kudzalibwerezanso atakula kumachepetsa ngozi yothyoka mano akutsogolo, koma pamapeto pake mano sakhala oongoka kuposa a mwana amene adadikira n'kuthandizidwa kamodzi ali ndi zaka 12 kapena kuposerapo. Kwa banja lopeza movutikira, uku ndi kusiyana kwa kulipira kawiri ndi kulipira kamodzi.

Ngakhale ku Britain, komwe boma limalipirira mawaya ana osafika zaka 18, si mwana aliyense amene amamuika. Madokotala amayeza vutolo pa muyeso wa magawo 5, ndipo thandizo laulere limapita kwa a gawo 4 ndi 5 komanso ochepa a gawo 3. Mwachitsanzo, mano a m'mwamba akatulukira kutsogolo kwa a m'munsi ndi mamilimita oposa 6, mwanayo ali m'gawo 4, ndipo akaposa 9 ali m'gawo 5. Mano ongokhota pang'ono sawawerengera ngati matenda. Izi sizikupeputsa manyazi a mwana amene amaseka atagwira pakamwa, pakuti kunyozedwa kusukulu kumapweteka ndithu ndipo kholo liyenera kukumvetsera. Koma ndi bwino banja lidziwe ngati likulipirira umoyo kapena maonekedwe.

Maulendo 17

Vuto likakhala laling'ono, monga dzino limodzi lolowera m'kati, kachipangizo ka pulasitiki kokhala ndi kawaya, kovala ndi kuvula, kangalikankhe m'miyezi yowerengeka. Kuipa kwake n'kwakuti kamangopendeketsa dzino, sikasuntha muzu, ndipo kamagwira ntchito kali m'kamwa, osati m'thumba la yunifolomu.

Mano okwerana kwambiri amafuna mawaya omata. Dokotala amajambula X-ray, amayeza malo amene alipo, ndipo nthawi zina amalamula kuti mano abwinobwino, awiri kapena anayi a m'mbali, azulidwe kuti enawo apeze pokhala. Makolo ambiri amadzidzimuka akamva izi, koma ndi njira yodziwika pa ntchitoyi ngati malo ndi ochepa kwambiri. Waya amakankha dzino pang'onopang'ono, fupa la mbali imene dzino likulowera limasungunuka, ndipo kumbuyo kwake kumamangika fupa latsopano. N'chifukwa chake ntchitoyi siifulumizidwa. Imatenga chaka ndi theka mpaka zaka ziwiri, nthawi zina kuposa, ndipo mwana amayenera kuonekera kwa dokotala pakatha milungu 4 mpaka 8 iliyonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani kwa mabanja a kutali ndi mizinda. Zaka ziwiri, ulendo umodzi pa milungu 6 iliyonse, ndi maulendo 17. Banja la ku Mangochi, mtunda wa makilomita pafupifupi 190 kukafika ku Blantyre, liyenera kuwerengera thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwera maulendo onsewo, chakudya cha panjira, tsiku limene okala kapena benchi ya pamsika yatsekedwa, ndi tsiku limene mwana wajomba kusukulu. Kachitsulo kakamatuka kapena waya akayamba kubaya tsaya, ndi ulendo wina wosakonzekera. Ndipo tizitsuloti sitichedwa kumatuka m'dziko limene mwana amakula akutafuna nzimbe, chimanga chootcha ndi mtedza wokazinga. Zonsezi amayenera kuzisiya mpaka mawaya atachoka.

Msinkhu woyenera mawaya, zaka 12 mpaka 14, ndi womwenso mwana amalemba mayeso a Sitandade 8 n'kusankhidwa kupita ku sekondale. Akapita ku sukulu yogonera kutali, ndani azikamutenga pakati pa teremu?

Kusiyira panjira ndi koipa kuposa kusayamba kumene. Mwana amene adazulidwa mano anayi kenako ndalama n'kutha amatsala ndi mipata yosatsekeka komanso mano osalumana bwino. Mawaya okhala m'kamwa popanda wowayang'anira amasunga zotsalira za chakudya, nkhama zimatupa, ndipo pozungulira kachitsulo kalikonse pamabwera banga loyera, chiyambi cha kuwola, limene limatsala ngakhale mawaya atachotsedwa. Pa chifukwa chomwechi, dokotala wosamala saika mawaya mwana amene satsuka mano mokwanira kapena amene ali ndi mano owola osamata, ngakhale makolo atabwera ndi ndalama m'manja. Mwana amene sakufuna yekha, akungokakamizidwa, nayenso ndi wovuta kumaliza naye.

Ndipo mawaya akachoka nkhani siithera pompo. Mano amafuna kubwerera kumene adachokera, choncho mwana amapatsidwa kachipangizo kotchedwa ritena, kovala usiku kapena kawaya komata kuseri kwa mano, ndipo akatswiri masiku ano amalangiza kukagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Kakatayika osapeza kena, zaka ziwiri zija zingapite pachabe.

Zapulasitiki ndi zapamsika

Pali njira ina ya timapulasitiki toonekera tovala pamano, monga ta Invisalign, tomwe tidayamba ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sitioneka ndipo timavulidwa pakudya, koma timafunika kukhala m'kamwa maola 20 mpaka 22 pa tsiku, ndipo kawirikawiri mtengo wake umaposa wa mawaya. Mwana amene amataya juzi ndi mabuku teremu iliyonse, makolo ake akudziwa kale mmene zingathere. Makampani ena amagulitsa timapulasitiki totere pa intaneti popanda dokotala kuona m'kamwa mwa wodwala. Yaikulu mwa iwo, SmileDirectClub ya ku America, idatseka mu December 2023 n'kusiya makasitomala ake ali pakati pa thandizo.

Choopsa kwambiri ndi mawaya a fashoni amene amaikidwa ndi anthu osaphunzira, komanso nzeru zopatsana pa foni zoti mpata wa mano ungatsekedwe pomanga mano awiri ndi kalabala. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Kalabala kamatsetsereka n'kulowa pansi pa nkhama osaoneka, kamadya fupa logwira muzu, ndipo mano onse awiri amagwedera mpaka kuchoka. Waya woikidwa ndi munthu wosadziwa nayenso amasuntha mano ndithu, koma kopita sakudziwa.

Dokotala aliyense wa mano wogwira ntchito m'dziko muno amayenera kukhala m'kaundula wa Medical Council of Malawi, ndipo kholo lili ndi ufulu wofunsa chiphaso chake. Lili ndi ufulunso wofuna kuti mtengo wonse ulembedwe papepala asanayambe: ngati ukuphatikiza X-ray, kuzula, kumatanso tizitsulo tomatuka ndi ritena, ngati udzasinthe kwacha ikagwanso, ndi yemwe adzapitirize ntchitoyo dokotalayo akasamuka. Amene ali pa sikimu ya zachipatala monga MASM ayambe afunsa ngati sikimu yawo imalipira mawaya ndi malire ake. Mabanja amene ndalama zawo zimabwera ndi nyengo yogulitsa fodya, soya kapena mtedza akambirane za kalipiridwe poyambirira, pakuti waya amafunika kumangidwanso mu January ndi February momwe, nthawi imene m'nyumba zambiri mulibe ngakhale ya fetereza.

Kupatula mavuto aja osadikira, ndi ena okhudza kakulidwe ka nsagwada amene amathandizidwa bwino mwana akadali kukula, mano okwerana sathawa. Dzino limasuntha pa zaka 16, pa zaka 25 ngakhale pa zaka 40, malinga nkhama ndi fupa zikhale zabwino. Mwana amene makolo ake sangakwanitse lero angadzaikidwe mawaya atamaliza Folomu 4, kapena kudzilipirira yekha atayamba ntchito mumzinda momwe muli dokotalayo.