Kodi mpingo timausankha ngati tomato wa pa Limbuli?

Kuchokera pa Chitakale kukafika ku Muloza, matchalitchi ndi ochuluka kuposa zigayo. Pali CCAP, Katolika, Adventist, kenako timipingo tatsopano tobwereka kalasi ya pulayimale, anthu khumi ndi awiri koma sipika yomveka mudzi wonse. Akatswiri ena a ku America, monga Rodney Stark, Roger Finke ndi Laurence Iannaccone, akanati adutse msewu umenewu akanamwetulira. Ganizo lawo, lotchedwa rational choice theory, limati chipembedzo ndi msika. Mipingo ndi ogulitsa, ife ndife ogula. Munthu amayeza zimene apereke, monga nthawi, chakhumi ndi kusiya mowa, ndi zimene alandire: machiritso, mtendere, moyo wosatha. Ogulitsa akachuluka amalimbirana makasitomala, ndipo opemphera amachuluka nawo.

Pa za ogulitsa, ine ndikugwirizana nawo. Mipingo yakale yomwe kale inkanyoza zoombera m'manja lero ili ndi kiyibodi ndi mapemphero a usiku wonse, chifukwa inaona achinyamata akuthawira kwa aneneri. Mpikisano ulipo, tisanamizane.

Vuto langa lili pa wogulayo. M'mabuku awo ndi munthu woima payekha, sikelo ili m'manja. Ku Mulanje munthu wotereyu ngosowa. Tengani mayi wotchola tiyi ku esiteti, wokhala pa malo a amayi ake pakati pa mbumba yake. Akaganiza zochoka mu CCAP, funso loyamba si lakuti uthenga wokoma uli kuti. Funso ndi lakuti: ndikamwalira, adzandiimbira ndani? Amayi a Mvano adzabwera kudzagona pa siwa? Agogo adzati chiyani? N'chifukwa chake ambiri sachoka konse. Lachisanu usiku ali kwa mneneri, Lamlungu m'mawa ali pa benchi yawo yakale. Stark mwiniwake amavomereza kuti anthu amalowa mpingo potsata abale ndi anzawo, komanso kuti safuna kutaya maubale posintha. Chabwino. Koma ngati akusankha ndi banja lonse, ndi maliro omwe, tikumutchabe kasitomala mayiyu?

Nkhani ya Mboni za Yehova ndiyo imandivuta kwambiri. Boma la Kamuzu Banda linawaletsa mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makhadi a chipani cha MCP, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. M'zaka zimenezo anamenyedwa, kuotcheredwa nyumba, kuchotsedwa ntchito, ena kuphedwa. Ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ena kutsidya kwa malire athu omwewa, m'dera la Milange. Khadi linali la ndalama zochepa. Wogula wochenjera akanangoligula n'kumakapemphera mwakachetechete.

Iannaccone, m'nkhani yake ya mu 1994 yokhudza mipingo ya malamulo okhwima, ali ndi yankho lanzeru: mtengo ukakwera, ongotsatira gulu amagwa m'njira, otsalawo amagwirana kwambiri, ndipo mpingo umalimba. Izi zikufotokoza chifukwa chake gululo silinathe. Sizikufotokoza bambo amene anaona nkhokwe yake ikuyaka n'kukanabe khadilo. Ukafunsa, a chiphunzitsochi amati anawerengera mphotho ya m'tsogolo n'kupeza kuti ikuposa nkhokwe. Apa ndipomwe ndimasiyana nawo. Wogula khadi akuti anawerengera bwino, wokana khadi akutinso anawerengera bwino. Ganizo lovomereza mayankho onse awiri silikutiuza kuti ndani achite chiti, likungotchula dzina latsopano pa zomwe zachitika kale.

Anzanga amene mukulemba kafukufuku wa chaka chomaliza, ligwiritseni ntchito pofunsa chifukwa chake abusa akutsegula nthambi pafupi ndi misika ndi malaini a m'maesiteti. Pamenepo likuthandizani. Koma mukakhala pa mkeka ndi agogo a ku Muloza amene anawoloka Ruo usiku ana ali kumsana, musayambe ndi funso lakuti anapindulapo chiyani.