Mwala ukagwa kuchokera kumwamba, Msilamu achitenji?

Pa 22 Januwale 1981, m'boma la Machinga munagwa mwala wolemera makilogalamu 93 kuchokera kumwamba. Mwalawu unalembedwa m'kaundula wa dziko lonse wa miyala yotere, ndipo akatswiri amautchula ndi dzina la bomalo mpaka lero. Wina unagwa ku Zomba m'chaka cha 1899. Koma mukafunsa ana a m'madrasa athu, mupeza kuti amene anamvapo mbiri imeneyi ndi ochepa. Chimene ambiri amamva n'chakuti moto ukang'anima n'kudutsa mumlengalenga usiku ndiye kuti yadutsa ndege ya afiti, kapena kwinakwake kwamwalira munthu wamkulu. Maganizo amenewa sayenera kukhala mumtima mwa Msilamu, ndipo ife amene tinapatsidwa udindo wophunzitsa tiyenera kufotokozera anthu athu zimene zimachitikadi kumwambako.

Abale ndi alongo olemekezeka, nkhaniyi si yachilendo m'chipembedzo chathu. Mu Sahih Muslim muli hadith yofotokoza kuti usiku wina Mtumiki Muhammad (SAW) ali ndi Maswahaba ake, nyenyezi inathothoka ndi kuwala kwambiri. Iye anawafunsa zimene ankanena m'nthawi ya umbuli akaona zoterezi, ndipo iwo anayankha kuti ankati kwabadwa kapena kwamwalira munthu wamkulu. Mtumiki (SAW) anawaphunzitsa kuti kuthothoka kwa nyenyezi sikukhudzana ndi imfa kapena kubadwa kwa wina aliyense. Anawauzanso za ziwanda zimene zimamvetsera mobisa nkhani za kumwamba, n'kukazipereka kwa olosera zitasakanizidwa ndi mabodza. Choncho amene akaona moto wa kumwamba amathamangira kwa woombeza maula, akupita kwa munthu yemweyo amene hadithyo ikumutcha wonyamula bodza.

Nanga kwenikweni chimene timachionacho n'chiyani? Ngakhale timati nyenyezi yathothoka, nyenyezi yeniyeni ndi yaikulu ngati dzuwa ndipo ili kutali zedi. Chimene chimang'animacho nthawi zambiri chimakhala kamwala kochepa ngati mchenga kapena njere ya chimanga. Kamalowa mumpweya wozungulira dziko pa liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi, liwiro loti ulendo wochokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ungathe m'masekondi osakwana 30. Kamatentha ndi kupsereratu pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pansi. Mwala ukakhala waukulu, umapsa kunja kokha ndipo wotsalawo umafika pansi monga zinachitikira ku Machinga. Yambiri mwa miyalayi ndi zibenthu za matanthwe amene amazungulira dzuwa pakati pa Mars ndi Jupiter, ndipo ikapimidwa imapezeka kuti ili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni.

Wina angafunse kuti kodi zimenezi sizikutsutsana ndi Qur'an yolemekezeka, imene m'Surat Al-Hijr, As-Saffat ndi Al-Jinn ikunena za malawi othamangitsa asatana? Palibe kutsutsana. Za zinthu zobisika timazidziwa kudzera m'chivumbulutso ndipo timazikhulupirira monga zinadzera. Za kulemera kwa mwala, liwiro lake ndi zimene zili m'kati mwake timazidziwa poyeza. Timakhulupirira kuti mvula imagwa mwa chifuniro cha Allah, koma sitikana kuti mitambo imapangika ndi nthunzi ya madzi, ndipo mlimi wanzeru amamverabe zanyengo pa wailesi.

Umboni wina woti moto umenewu si ufiti ndi wakuti masiku ake ambiri amadziwika chaka chisanayambe. Chaka chilichonse kumayambiriro kwa Meyi dziko limadutsa m'fumbi limene inasiya nyenyezi ya mchira yotchedwa Halley, ndipo m'bandakucha timaona nyenyezi zambiri zikuthothoka. Zimachitikanso usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala. Amene amadzukira Swalah ya Fajr angathe kudzionera yekha. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa m'dziko muno okalamba akhala akumenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhalenso kuphedwa powaganizira ufiti. Ngati kamwala kochepa ngati njere kangachititse mudzi kuloza chala gogo wosalakwa, ndiye kuti umbuli wathu wasanduka tchimo lalikulu pamaso pa Allah.

Asilamu akale sankathawa miyala yotere. Ibn Sina, amene anamwalira m'chaka cha 1037, analemba m'buku lake la Kitab al-Shifa za chitsulo chimene chinagwa kuchokera kumwamba m'masiku ake, ndiponso kuti chidutswa chake chitatumizidwa kwa Sultan Mahmud wa ku Ghazni, amisiri analephera kusulira lupanga. M'chaka cha 1621 chitsulo china chinagwa pafupi ndi Jalandhar ku India. Mfumu Jahangir inalamula kuti achiyeze kulemera, inalemba mbiri yake, ndipo osula anachisakaniza ndi chitsulo wamba n'kupanga malupanga ndi mipeni. Ku Ulaya akatswiri ambiri ankakana kuti miyala ingagwe kuchokera kumwamba, mpaka m'chaka cha 1803 pamene miyala masauzande inagwa ku L'Aigle ku France ndipo Jean-Baptiste Biot anakafunsa mboni ndi kutolera umboni. Mwambo wathu ndi woona, kuyeza ndi kulemba, ndipo tisautaye.

Palinso vuto lina la mbali inayo, lomwe ndi kukometsa nkhani mopitirira umboni. M'chaka cha 1932 woyendera maiko wa ku Britain, Harry St John Philby, anafika pamalo otchedwa Wabar m'chipululu cha Rub' al Khali ku Saudi Arabia. Omulondolera ankakhulupirira kuti pamenepo panali mabwinja a mzinda wa anthu a Aad, ndipo timikanda takuda timene tinali mumchenga ankati ndi ngale za akazi a mumzindawo. Zidutswazo zitapimidwa ku London, zinapezeka kuti maenjewo, limodzi mwa iwo lotambalala mamita oposa 100, anakumbika pamene chitsulo chochokera kumwamba chinamenya mchenga. Kutentha kwake kunasungunula mchengawo kukhala galasi, ndipo ngale zija zinali madontho a galasilo. Nkhani ya Aad ndi yoona pakuti Allah waifotokoza, koma amene anailozera pa maenje aja analakwitsa malo.

Chimodzimodzi ndi mauthenga amene amayenda pa WhatsApp onena kuti asayansi atsimikiza kuti Hajar al-Aswad, mwala wakuda wa pa Ka'aba, ndi mwala wogwa kuchokera mumlengalenga. Zimenezo ndi zongoganizira za olemba ena, ndipo sitiyenera kuzilalikira pa mimbari ngati zotsimikizika. Ulemu wa mwalawu sudalira labotale. Umar ibn al-Khattab (Allah asangalale naye) poupsompsona ananena poyera kuti akudziwa kuti ndi mwala umene sungapindulitse kapena kuvulaza munthu, ndipo akutero chifukwa anaona Mtumiki (SAW) akuupsompsona. Ngati zili choncho pa mwala wolemekezeka koposa, nanga mwala wogwera m'munda mwa chinangwa ungakhale bwanji chithumwa cha malonda kapena mankhwala a matenda? Kuuika m'chiuno ndi chikhulupiriro chotero ndi khomo la shirk.

Kuphunzira za miyalayi kumatetezanso moyo. Pa 15 Febuluwale 2013 thanthwe la mamita pafupifupi 20 linaphulikira m'mwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia, ndipo anthu pafupifupi 1,500 anavulala. Ambiri anachekedwa ndi magalasi, chifukwa ataona kuwala anathamangira pa mawindo osadziwa kuti mkokomo wamphamvu umafika pambuyo pake. Wodziwa akaona kuwala koteroko amatalikira zenera.

Tsono mwala ukagwa m'mudzi mwanu, lembani tsiku, nthawi ndi mbali imene motowo unachokera. Jambulani malowo musanasunthe kanthu. Mwala wotere umakhala ndi khungu lakuda lopyapyala ngati wawauka, umalemera kuposa miyala ina ya msinkhu wake, ndipo nthawi zambiri maginito amaukakamira. Musautsuke, musauphwanye, ndipo musaugulitse mobisa kwa wodutsa. Usungeni pouma, dziwitsani amfumu, ndipo uthenga ukafike ku nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey ku Zomba. Mashehe ndi aphunzitsi a madrasa, tiyeni titulutse ana athu panja usiku wa pa 13 Disembala, tiwaonetse nyenyezi zothothokazo, tiwauze hadith ija pamodzi ndi zimene akatswiri anapeza. Mwana wophunzitsidwa chotero akadzaona moto ukudutsa kumwamba adzatamanda Mlengi wake, ndipo agogo ake adzagona mwamtendere. Allah ationjezere kuzindikira kopindulitsa.